Usiku wa ku Vienna ndi Chitoliro cha ku Chileka

Chaka ndi chaka akuluakulu a m'maofesi ndi aphunzitsi ena amatumidwa ku Ulaya kukachita maphunziro kapena misonkhano. Akabwerako, nkhani imene imawakomera pakamwa si ya m'kalasi ayi, koma ya usiku wa m'mizinda ya kumeneko. Mwa mizinda yonseyo ndi yochepa imene ingapose Vienna, likulu la dziko la Austria, pa nkhani ya nyimbo. Ndi bwino tsono kuti tiuone mzindawu, pakuti uli ndi phunziro kwa ife okhala ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chilomoni, ku Zingwangwa ndi ku Machinjiri.

Vienna ndi mzinda wa anthu pafupifupi 2 miliyoni, womangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Danube. Masana mlendo sasowa choona. Pakati pa mzinda pali tchalitchi chachikulu cha Stephansdom, chimene nsanja yake ndi yotalika mamita 136. Chakumadzulo kuli nyumba ya mafumu ya Schönbrunn, ya zipinda 1,441. Ku paki ya Prater kuli gudumu lalikulu lomangidwa mu 1897, limene limakweza anthu m'mwamba kuti aone mzinda wonse.

Koma ulemerero weniweni umayamba dzuwa likalowa. Nyumba yaikulu ya opera, imene idatsegulidwa mu 1869, imagulitsanso matikiti otsika mtengo kwa ofuna kumvera chiimire, kuti wophunzira wosauka alowe m'nyumba imodzi ndi munthu wolemera. Achinyamata amakhamukira ku malo ovinirako amene ali pansi pa milatho ya njanji mu msewu wa Gürtel, pamene achikulire amapita ku Grinzing kukamwa vinyo wa m'minda ya komweko uku akumvera nyimbo za makolo awo. Chiyambire 2010, sitima za pansi pa nthaka zimayenda usiku wonse Lachisanu ndi Loweruka, kotero munthu sada nkhawa kuti abwerera bwanji kunyumba.

Zonsezi sizidagwe kumwamba. Anthu a ku Vienna adaphunzira kulemekeza oimba awo, ngakhale adaphunzira mochedwa. Wolfgang Amadeus Mozart atamwalira mu 1791 adaikidwa m'manda wamba opanda chizindikiro, koma lero nyumba imene adakhalamo kuyambira 1784 mpaka 1787 ndi malo osungiramo mbiri yake, ndipo alendo amalipira ndalama kuti alowemo. Mu 1899 akatswiri a mzindawu adakhazikitsa Phonogrammarchiv, nkhokwe yosungiramo mawu ndi nyimbo zojambulidwa, imene ili yakale kuposa zonse pa dziko lapansi.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikutikhudza. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, adapeza anyamata akuimba mu msewu mu mzinda wa Blantyre. Wamkulu, Daniel Kachamba, ankaimba gitala, ndipo mng'ono wake Donald ankaliza chitoliro. Kwawo kudali m'mudzi mwa Singano ku Chileka, ndipo nyimbo za kwela adazitola ku Salisbury, Harare wa lero, kumene banja lawo lidakhalako ali ana. Ambiri odutsa pamenepo ankangoona anyamata osaka makobiri. Akuluakulu adati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa: Kubik adamva luso, adajambula nyimbo zawo, ndipo mu 1974 buku lake lofotokoza za gululi lidasindikizidwa m'Chingerezi ndi yunivesite ya Zambia.

Kuchokera pamenepo chitoliro cha ku Chileka chidamveka m'mizinda ya ku Ulaya ndi kwina. Daniel adamwalira mu 1987. Donald adayenda m'maiko ambiri akuimba pamodzi ndi Kubik, ndipo mu 1999 adaitanidwa kukaphunzitsa nyimbo pa yunivesite ya California ku Los Angeles, asanamwalire mu 2001. Chileka yemweyo adatipatsanso Robert Fumulani ndi gulu lake la Likhubula River, kenaka Evison Matafale ndi Black Missionaries.

Funso tsono ndi ili: kodi ndi ana angati a sukulu za ku Ndirande kapena ku Bangwe amene angafotokoze kuti Daniel Kachamba adali yani? Si zoyenera kuti mdzukulu wathu wofuna kuphunzira mbiri ya kwela azidalira zimene alendo adatisungira, pamene nyimbozo zidalira m'misewu yathu yomwe.

Kwa akuluakulu oyendetsa mzinda tikuti: usiku wosangalatsa sufuna nyumba ya mafumu. Umafuna holo yosamalidwa bwino m'dera lililonse, magetsi a mu msewu oyaka, chitetezo, ndi galimoto zonyamula anthu chisangalalo chikatha. Izi zikasowa, woimba amatsala ndi malo omwera mowa okhaokha, kumene makolo sangapiteko ndi ana awo, ndipo anthu amayamba kuyesa kuimba ngati ntchito ya zidakwa.

Kwa aphunzitsi tikuti: phunziro la zaluso lisathere pa bolodi. M'dera lililonse muli nkhalamba yodziwa kupanga banjo kapena babatoni. Iitaneni kusukulu, ana alembe mbiri yake ndi kujambula nyimbo zake, pakuti lero foni ya m'manja ikugwira ntchito imene kale inkafuna makina olemera. Pitani nawonso anawo ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, ku Mandala House ya mu 1882, ndi ku tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chidamalizidwa mu 1891, kuti adziwe kuti mzinda wawonso uli ndi zoonetsa alendo.

Amene mwapeza mwayi wopita ku Vienna, pitani, kaoneni, kasangalaleni mwaulemu monga oimira dziko la Malaŵi. Koma pobwera musatibweretsere zithunzi zokha. Mutibweretserenso mwambo wawo wosunga oimba awo, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.