Galaxy S10 yakale: kamera ikadali bwino, koma chenjerani ndi batire

Samsung Galaxy S10 inatuluka mu 2019 ili foni yapamwamba komanso yodula zedi. Lero ikugulitsidwa yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wotsika, ndipo amalonda ena akuikonda kuposa mafoni atsopano otchipa.

Eni ake amaiyamikira kwambiri pa kamera. Wogulitsa kaunjika kapena zitenje akajambula katundu n'kuika pa WhatsApp, mtundu wa nsalu umaoneka mmene ulili, choncho kasitomala sabweza katundu. Ilinso ndi poika memori khadi ndi polowetsa mahedifoni, zomwe mafoni ambiri apamwamba a masiku ano alibe.

Madandaulo ndiye ali pa batire. Ndi ya 3,400 mAh, ndipo ikakalamba sifika madzulo. Kwa wolandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, foni ikazima malonda aima, makamaka tsiku lopanda magetsi. Galasi lake ndi lopindika m'mbali, likasweka kulisintha n'kodula. Komanso foniyi inathera pa Android 12, ndipo Samsung inasiya kuikonzera zachitetezo mu 2023.

Wogula asathamangire kupereka ndalama. Aikemo simu khadi yake kuti aone ngati ikugwira netiweki, ayimbe *#0*# poyesa galasi, atsimikizenso kuti mwini wakale anachotsamo akaunti ya Google. Ponenerera mtengo, awerengeretu ndalama ya batire yatsopano. Akapanda kutero, foni yotchipayo idzamudyera phindu.