Kool Herc ndi phwando la zobvala za kusukulu

Nyimbo za hip-hop zimene ana athu amabvina, zimene ife makolo timati ndi phokoso cabe, zinayamba ndi bvuto limene tonse tilidziwa: zobvala za kusukulu.

Pa 11 August 1973, ku Bronx mu New York, mtsikana Cindy Campbell anakonza phwando pa 1520 Sedgwick Avenue kuti apeze ndalama zogulira zobvalazo. Atsikana analipira masenti 25, anyamata 50. Woliza marekodi anali mlongo wake Clive, wobadwira ku Jamaica mu 1955, wodziwika ndi dzina lakuti Kool Herc. Mnyamatayu anazindikira kuti anthu amabvina kwambiri woimba akaleka, ng'oma zikatsala zokha. Tsono anayamba kuliza marekodi awiri ofanana pa makina awiri, kubwereza kagawo ka ng'omako, uku akufuula pa maikolofoni kucemerera obvina.

Kwa ine, anali ngati mlimi wothyola munda, ena nakolola. Otsatira ake anajambula nyimbo nalemera. Iye analasidwa mpeni mu 1977 poleretsa ndeu, mbiri yake niyamba kuzirala. Atadwala impso mu 2011 analibe inshuwalansi, anthu anacita kumusonkhera ndalama za cipatala. A Rock and Roll Hall of Fame anamulemekeza mu 2023, patapita zaka 50.