Nkhondo ya pa Thabwa

Mwana wa kumudzi saphunzitsidwa kuumba ng'ombe zadothi. Amangoona anzake kudambo, nayenso n'kuyamba. Akasinkhuka amapinda waya n'kupanga galimoto. Tsono ku maiko ena kuli anthu akuluakulu, ena a imvi zawo, amene luso lotere sanalisiye. Iwo amapanga tiasilikali, tiakasinja ndi tinyumba togumuka, n'kutiika pa thabwa kuti tionetse m'mene malo a nkhondo inayake analili. Chinthu chotere amachitcha diorama. Dzinali ndi lakale. Linamveka ku Paris m'chaka cha 1822, pamene Louis Daguerre ankaonetsa anthu zithunzi zikuluzikulu za pa nsalu. Ndi Daguerre yemweyu amene anadzatchuka mu 1839 ndi luso lojambula ndi kamera.

Mwina mukuti, "Akulu ndi ndevu zawo kumaseŵera ndi zidole?" Dikirani, muone ntchito ili m'menemo.

Choyamba ndi muyeso. Apa mpamene masamu amene munaphunzira ku sukulu ya kwacha akugwira ntchito. Pa bokosi la zidolezi pamalembedwa manambala monga 1:35. Tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chenicheni chagaŵidwa ndi 35. Msilikali wotalika masentimita 175 akhala wa masentimita 5, ngati kachala kakang'ono. Chitseko cha masentimita 210 chikhala cha masentimita 6. Nanga mtengo wotalika mamita 7? Mamita 7 ndi masentimita 700. Tagaŵani nokha ndi 35. Mwapeza 20, eti? Muyeso umenewu unatchuka ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Tamiya. Kampani ya Airfix ya ku Mangalande inatchukitsa wina wocheperapo, wa 1:72, umene msilikali safika ngakhale masentimita 3. Lamulo ndi limodzi: zonse za pa thabwa limodzi zikhale za muyeso umodzi. Mukasakaniza, mudzapeza msilikali wamtali kuposa denga la nyumba.

Tiasilikali ndi tiakasinja ambiri amagula, ta pulasitiki, n'kulumikiza ndi guluu. Koma malo ake amamanga okha, ndipo zipangizo zake n'zosasoŵa. Mapiri ndi maenje amaumba pa thabwa, n'kumata mchenga wosefa pamwamba. Udzu amadula ku chingwe cha khonje. Mitengo imachokera ku mizu youma ya tizitsamba, chifukwa muzu ukautembenuza umaoneka ngati nthambi. Utsi ndi thonje lodetsedwa.

Pamene ambiri amalephera ndi pa penti. Kasinja wa kunkhondo saŵala ngati mbale yatsopano. Amakhala ndi matope m'mawilo, dzimbiri m'mbali ndi fumbi pamwamba. Mmisiri wodziŵa amayamba wapaka bwinobwino, kenaka n'kudetsa dala ndi penti yosungunula kwambiri, imene imaloŵa m'timing'alu. Ngakhale nsapato za msilikali ziyenera kukhala ndi dothi la mtundu womwewo umene wapondapo. Munthu wofuna kuonetsa asilikali athu a Keyala ali m'nkhalango za ku Burma mu 1944 sangawaike pa mchenga wouma wa mbee. Ayenera kuyang'ana zithunzi zakale, aone zovala, zipeŵa ndi matope a kumeneko.

Akamaliza amajambula ndi kamera. Chinsinsi chake n'chapafupi: ŵeramani. Mukajambula mutaimirira, zidole zimaoneka zidole basi, chifukwa mukuziyang'ana ngati mphamba ali m'mwamba. Tsitsani kamera ifike pa msinkhu wa maso a kamsilikaliko. Wogwiritsa ntchito foni aizondotse kuti diso lake likhale pansi. Tulutsani thabwalo panja, m'maŵa kapena chakumadzulo, dzuŵa litapendeka, kuti zithunzithunzi zitalike monga zimachitira pa zinthu zenizeni. Kumbuyo kukhale mitambo kapena phiri lakutali, kusakhale chidebe kapena nkhuku. Vuto lina ndi lakuti kamera ikayandikira kwambiri, msilikali wakutsogolo amaoneka bwino koma wakumbuyo amachita mbuu. Odziŵa amachepetsa kaboo koloŵera kuŵala, n'kukhazika kamera pa chinthu chosagwedera. Zikatheka bwino, munthu angalumbire kuti chithunzicho chinajambulidwa kunkhondo kwenikweni. N'chifukwa chake mmisiri woona mtima amalemba pansi pake kuti izi ndi zidole.

Koma pali kuona mtima kwina kovuta kuposa apa. Thabwa silinyamula nkhondo yonse. Limaonetsa malo amodzi ndi mphindi imodzi. Wosankha mphindiyo, ndiponso wosankha amene aikidwepo, ndi mmisiri. Tamvani zimene zinamuonekera William Siborne.

Pa 18 June 1815 panachitika nkhondo yaikulu ku Waterloo, m'dziko limene lero ndi Belgium. Afalansa, motsogozedwa ndi Napoleon, anagonja. Amene anawagonjetsa anali magulu aŵiri: la Duke of Wellington, m'mene munali Angerezi ndi anzawo ena, ndi la Blücher wa ku Prussia, ufumu wa Ajeremani wa masiku amenewo. Mu 1830 Siborne, amene anali msilikali wa Angerezi wodziŵa kuyeza malo, anapatsidwa ntchito yopanga chifanizo cha nkhondoyo. Iye sanamenye nawo, tsono anayenera kufufuza. Anakakhala miyezi 8 pa famu ya La Haye Sainte, pakati penipeni pa malo a nkhondo, akuyeza munda uliwonse ndi kamtunda kalikonse. Kenaka analembera makalata akuluakulu a asilikali amene anapulumuka. Anawafunsa kuti, kodi gulu lanu linali pati cha m'ma 7 koloko madzulo? M'munda umene munaimamo munali mbewu yanji? Mayankho anabwera pafupifupi 700.

Taganizani khama limenelo, kufunsa mpaka mbewu za m'munda!

Ntchito ili mkati, boma linaleka kupereka ndalama. Siborne sanasiye. Anakongola ndalama napitiriza, mpaka anatsiriza mu 1838. Pa chifanizocho panali tiasilikali ta chitsulo chofeŵa pafupifupi 70,000, kalikonse kotalika ngati sentimita imodzi. Chinaonetsedwa ku London, ndipo anthu ankalipira sheleni imodzi kuti achione.

Mlandu unagona pa asilikali a ku Prussia. Kufufuza kwa Siborne kunaonetsa kuti pa ola limene anasankha, iwo anali atafika kale ambirimbiri, ndipo ankamenyana koopsa ndi Afalansa pa mudzi wa Plancenoit. Iye anawaika pa thabwa monga anapezera. Koma ku Mangalande anthu anazoloŵera kumva kuti Wellington ndiye anapambana, ndi kuti enawo anafika nkhondo ili kutha. Wellington mwini wake sanakondwere nacho chifanizocho, ankati sichinalondole. Olemba mbiri amasiyana maganizo mpaka lero. Ena amati Wellington ankateteza ulemu wake. Ena amati dandaulo lake linali lomveka, popeza munthu ali pakati pa utsi ndi mfuti sangakumbuke bwino pamene anaima pa ola lakutilakuti.

Ngongole zitamupana, ndipo akuyembekeza kuti akuluakulu amuthandiza, Siborne anachotsa pa thabwa asilikali ambiri a ku Prussia. Ine sindifulumira kumuŵeruza, chifukwa ngongole imagonjetsa ndi amuna olimba omwe. Komabe taonani chimene chinachitika. Dzanja limodzi linatola tizidole n'kutiika m'bokosi, ndipo anthu zikwizikwi amene anamenya nkhondo tsiku lija anasoŵa pamaso pa aliyense wodzaona. Wodzaonayo sangadziŵe kuti pamalo pamene pali mbee panali anthu. Inunso mukaona chithunzi cha nkhondo, kaya m'buku kaya pa foni, nkwabwino kufunsa kuti anachikonza ndani, ndipo anasiya ndani.

Thandizo limene Siborne ankayembekeza silinabwere monga ankafunira. Mu 1844 anatulutsa buku la mbiri ya nkhondoyo, lochokera m'makalata aja. Anamwalira mu 1849. Chifanizo chake chimasungidwa ku National Army Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale za asilikali ku London, ndipo makalata aja ali ku British Library, kumene ofufuza mbiri amapita kukawaŵerenga.