Mita ya Malaiti Imene Idziwerenga Yokha

Kale anchito a ZESCO anali kuyenda khomo ndi khomo kuwerenga mamita. Lero ambiri a ife timagula mayunitsi ndi kulowetsa manambala 20 m'mita. Yunitsi imodzi ndiyo mphamvu imene sitovu ya mawati 1,000 imadya pa ola limodzi, ndipo mayunitsi akatha, mita imadula yokha malaiti. Mamita ena atsopano amatumiza okha ciwerengero ku ofesi kudzera pa netiweki ya mafoni.

Koma makolo anzathu, tisalole munthu wosaphunzira nchitoyi kugwira mawaya. Mphamvu ya mavoti 230 imapha. Waya wolambalala mita ungatenthe nyumba usiku ana ali m'tulo, ndiponso ndi mlandu wakuba. Mita ikavuta, tiitane eni ake.