Chambo m'mbale, gitala pakhonde

Lachisanu ikamakwana 4 koloko masana, pamalo ang'onoang'ono odyera amene amaitana oimba pamayamba ntchito ziwiri nthawi imodzi. Kukhitchini akupala mamba a chambo, akusenda mbatatesi ya tchipisi, wina akukoleza makala pambaula. Kukhonde anyamata akumasula mawaya, akuimika masipika awiri, woimba akukunga nsambo za gitala uku akuyesa mawu. Alendo akamafika dzuwa litalowa amapeza zonse zili m'malo mwake. Ambiri sadziwa kuti mwini malo wakhala akuwerengera tsiku lonse ngati mbale zimene zigulidwe usikuwo zikwanitse kulipira woimbayo.

Malo otere ndi osiyana kutalitali ndi mabwalo a zoimbaimba zikuluzikulu. Palibe mpanda wachitsulo wolekanitsa woimba ndi omvera, palibenso chinamtindi chokankhana pageti. Pali matebulo owerengeka, nyali zochepa, ndi woimba amene wakhala pafupi moti mumamva chala chake chikutsetsereka pansambo. Akalakwitsa, aliyense wamva. Akaimba bwino, amaona yekha munthu ataimitsa mbamu ya nsima m'mwamba, pakamwa pali yasa.

Ku Lilongwe, bala ya Chameleon ya pa Four Seasons inadziwika kwa zaka zambiri ndi jazi ya Lamulungu masana. Ku Blantyre, Kwa Haraba anazoloweretsa anthu kukhala pansi ndi chakumwa n'kumamvera alakatuli, ndipo Jacaranda Cultural Centre ndi pulogalamu yake ya Sounds of Malawi inapatsa oimba mwayi woimba popanda phokoso lowaphimba. Koma ambiri mwa malo amene ndikunenawa alibe dzina lotchuka. Ndi tinyumba togona alendo ta kunyanja, malesitilanti a m'matauni, ndi mabwalo a kuseri kwa nyumba kumene mwini wake anaika matebulo pansi pa mtengo wa mango.

Nyimbo zambiri zimene timazinyadira lero zinakulira pafupi ndi anthu chomwechi. Katswiri wofufuza za nyimbo Gerhard Kubik anakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba, anyamata a kwa Singano ku Chileka, mu 1967 akuimba kwela m'misewu ya Blantyre. A Allan Namoko a ku Thyolo, amene anali osaona, ankagwedeza anthu ndi banjo ndi gulu lawo la Chimvu River. Zida zawo sizinkafuna masipika aatali ngati nyumba. Zinkafuna khutu lapafupi. Ndi chifukwa chake nyimbo za mtundu umenewu zimakoma pakhonde la malo odyera kuposa pasitediyamu, pamene banjo imamizidwa ndi ng'oma za magetsi.

Tsono za chakudya. Pamalo pamene pali oimba, wophika wanzeru salemba mndandanda wautali. Amadziwa kuti maoda onse adzabwera nthawi imodzi, gulu likangomaliza chigawo choyamba, ndiye amasankha zimene moto wake ungakwanitse: chambo chootcha kapena chokazinga, nkhuku ya lokolo, kanyenya wa mbuzi, mang'ina amene akhala akuwira kuyambira m'mawa, nsima, tchipisi, ndi mpunga wa Kilombero umene fungo lake limafika patebulo mbale isanafike. Pambali pamakhala kachumbali ndi tsabola wa kambuzi, kapena botolo la Nali kwa amene amafuna kutuluka thukuta. Chambo ndiye mfumu ya patebulo, koma mtengo wake wakwera chifukwa chachepa m'nyanja ya Malawi ndi ya Malombe, moti malo ambiri tsopano amagula nsomba zoweta. Wodya wozindikira amafunsa kaye: "Achimwene, chimenechi n'cha kunyanja kapena cha padamu?" Woperekera zakudya woona mtima amayankha mosabisa, ndipo mlendo wotero amabweranso.

Nkhuku ya lokolo siifulumira kupsa, ndipo pamalo ena kudikira kwake kumatopetsa. Apa m'pamene nyimbo imagwira ntchito imene eni malo ambiri saiwerengera. Munthu amene akanakwiya pakatha theka la ola amakhala phee, amaitanitsa botolo lina la Green kapena Sobo, mpaka woperekera zakudya adzanene kuti, "Pepani bwana, oda yanu ija yapsa." Woimba ndiye wasunga mlendoyo pampando. Botolo lachiwiri lija ndi lachitatu agulidwa chifukwa cha iye.

Ndiye funso ndi lakuti woimbayo amapita kwawo ndi chiyani. Njira zolipirira zilipo zingapo. Ena amagwirizana ndalama yokhazikika, kubwere anthu kapena kusabwere. Ena amatenga za pakhomo, mwini malo n'kutsala ndi za chakudya ndi zakumwa. Njira yachiwiriyi imakomera woimba wotchuka, koma wongoyamba kumene ikhoza kumusiya ndi ndalama yosakwana n'kulipira galimoto imene yanyamula zida. Palinso eni malo amene amauza achinyamata kuti adzaimbe ulere kuti adziwike, malipiro ake mbale ya tchipisi. Mchitidwe umenewu ndi wolakwika, ndipo ndikunena mosapsatira. Wogulitsa nsomba sauzidwa kuti abweretse chambo chaulere kuti adziwike. Wogulitsa makala amalandira zake asanatsitse thumba panjinga. Woimba wakhala masiku akuyeserera, wagula nsambo, wasiya banja lake usiku, ndipo naye ali ndi lendi yoti alipire.

Eni malo nawo ali ndi zowawa zawo zenizeni. Ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Mafuta ophikira, zakumwa, nsambo za gitala, mawaya ndi masipika, zambiri mwa izi n'zochokera kunja, ndipo zonse zinakwera. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, magetsi n'kumathima kwa maola ambiri. Malo amene analibe jenereta anaona nyama ikuonongeka m'firiji, masipika ali zii. Izi zinabwera malowa asanachire ku mliri wa Covid-19, umene mu 2020 unachititsa kuti misonkhano ya anthu ambiri iletsedwe. Pamwamba pa zonsezi pali chiphaso cha bungwe la Cosoma, limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti lizitolera ndalama za eni nyimbo kumalo kumene nyimbo zawo zimaimbidwa pagulu. Zonsezi n'zoona. Komabe walira mvula walira matope: amene waitana gulu kuti lidzaze matebulo ake aike malipiro a gululo m'gulu la zinthu zoyamba kulipira, pamodzi ndi nsomba ndi makala.

Ife odya tili ndi mbali yathu. Mwambo wa kusupa ulipobe, ndipo ndi wokongola: munthu amanyamuka patebulo, kuvina pang'ono, n'kusiya kangachepe patsogolo pa woimba, ena akukuwa kuti "Ibwerezeni!" Masiku ano ena amatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba. Chimene chimapweteka ndi tebulo limene lakhala kutsogolo kwenikweni n'kumakambirana za mpira mokweza kuposa nyimbo, kapena munthu amene amafuula dzina la nyimbo ya woimba wina pamene mnyamata akuimba yopeka yekha. Pamalo aang'ono palibe pobisala. Woimba amamva mawu aliwonse, ndipo wachinyamata amene wasekedwa kamodzi akhoza kusiya nyimbo zake n'kumangobwereza za ena moyo wake wonse.

Tikumbukire kuti a Giddes Chalamanda, amene anabadwa mu 1930 ku Chiradzulu, anaimba zaka zambirimbiri m'malo ang'onoang'ono omwera ndi odyera, gitala ili paphewa, dziko lonse lapansi lisanamve nyimbo yawo ya Linny Hoo pa TikTok atajambula ndi Patience Namadingo. Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni a Madalitso Band ankaimba m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni yopanga okha asanakaimbe ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017, n'kuyamba maulendo a ku Ulaya. Anthu amene anawamva kale ali chapafupi anamva nyimbo zomwezo zimene azungu akulipirira matikiti lero.

Gulu likamaliza, cha m'ma 11 koloko usiku, odya amakwera magalimoto awo. Maminibasi anasiya kale kuyenda. Woimba wa ku Ndirande kapena ku Mtandire amatsala akupinda mawaya, ndipo ayenera kupeza takisi kapena kabaza wa njinga yamoto amene angavomere kunyamula munthu, gitala ndi sipika, pamtengo wa usiku. Malo amene oimba amawalemekeza ndi amene amagwirizana za ulendo wobwererawu gulu lisanayambe kuimba, amasungira oimba mbale yotentha khitchini isanatseke, ndipo amapereka ndalama yawo usiku womwewo osati "mubwere Lolemba". Oimba amauzana okhaokha za malo otere, ndipo ndi kumene amavomera msanga akaitanidwanso.