Chamba chinaloledwa, nanga mwana wakugwa?

Kwathu ku Bolero mwana wa khunyu umamudziwira zipsera. Wa achemwali anga ali nacho chachikulu pamkono: anagwera pamoto mayi ake atapita kumjigo. Matendawa anamuyamba atachira malungo a mu ubongo. Phenobarbitone anathandiza poyamba, kenako anamusinthira ku carbamazepine, koma pali masiku amagwabe kangapo dzuwa lisanalowe.

Alamu anga atamva kuti chamba chinaloledwa anandifunsa, "Alamu, bwanji osangomuwiritsira masamba?"

Ndinawakaniza kwamtuwagalu. Chomwe chimachepetsa kugwa ndi cannabidiol, CBD mwachidule, yemwe saledzeretsa. Chamba chathu chotchuka chija, Malawi Gold, chinadziwika ndi THC, amene amazunguza mutu ndipo angawononge ubongo wa mwana. Mumphika simungalekanitse ziwirizi, ngakhale kudziwa mlingo wake.

Ku America nkhaniyi inamveka chifukwa cha kamtsikana ka ku Colorado, Charlotte Figi, kamene kugwa kwake kunachepa kwambiri katayamba kumwa mafuta a CBD. Mu 2018 boma la America linavomereza mankhwala a CBD otchedwa Epidiolex pa mitundu iwiri ya khunyu yovuta, Dravet ndi Lennox-Gastaut. Sachiza, amangochepetsa kugwa, ndipo mwana amayenera kuyezedwa chiwindi, makamaka ngati akumwanso sodium valproate. Mtengo wake unali pafupifupi madola 32,500 pachaka. Mlimi wa fodya wa ku Hewe angagulitse mabelo angati?

Kuno Nyumba ya Malamulo inavomereza Cannabis Regulation Act mu February 2020, n'kukhazikitsa Cannabis Regulatory Authority. Laisensi yolima chamba cha mankhwala anaiika pa madola 10,000. M'maganizo mwa aphungu munali ndalama zakunja, poti fodya ankazilala. Mu 2021 unduna wa zaulimi unafika popempha Mike Tyson kuti akhale kazembe wa chamba chathu. Za mwana wodwala zinamveka pang'ono zedi.

Ine ndikuti lamuloli linalembedwera msika. Ngati Malawi alima mbewuyi, gawo lina la mafuta oyezedwa bwino lizitsala konkuno, madokotala a ana aphunzitsidwe kalembedwe kake. Koma choyamba mapilitsi otsika mtengo aja asamasowe m'zipatala zazing'ono, chifukwa ana ambiri a khunyu amasiya kugwa ndi omwewo akamamwa osadumphitsa. Achemwali anga mwezi wina anapita ulendo wa kabaza kukatenga mapilitsiwo n'kubwerako chimanjamanja, ndipo sabata imeneyo mwana sanapite kusukulu.