Kodi Trevor akudwala chiyani? Mkangano wa m'kanyumba ka magemu pa Liwonde

Pa tchuthi chapitachi tinakhala masana ena m'kanyumba ka magemu pa Liwonde, momwe anyamata amalipira kuti agwireko padi ya PlayStation. Magetsi atathima palibe amene ananyamuka. Panabuka mkangano umene unatha pafupifupi ola lathunthu, ndipo wokanganirana wake anali munthu amene sanabadwepo: Trevor Philips wa m'gemu ya Grand Theft Auto V.

"Ameneyo ndi psychopath, aise, palibenso zokambirana," anatero mmodzi. Mnzake anakana: "Iwe, suona mmene amasinthira? Pano akuseka, pano akulira. Ndi bipolar." Wina wamkuluko anati zonsezo ndi mankhwala ozunguza bongo basi. Mwini kanyumbako, akukolopa fumbi pa sikirini, anangoti, "Ndi wa ku Zomba ameneyo," ndipo onse anafa nacho chiseko. Patapita masiku ochepa tinaumvanso mkangano womwewu pa Balaka, anthu ake ena koma mawu ake omwewo.

Makolo ndi akulu a mpingo amene sanagwirepo padi ayenera kudziwa kaye kuti tikunena ndani. Gemuyi inatuluka pa 17 September 2013, yopangidwa ndi kampani ya Rockstar Games, ndipo m'masiku atatu okha inali itagulitsidwa ndalama zopitirira madola 1 biliyoni. Inalembedwa kuti ndi ya anthu akuluakulu chifukwa cha nkhanza ndi zolaula zimene zilimo, ngakhale tonse tikudziwa kuti m'tinyumba ta magemu mumadzaza ana a ku pulayimale. Wosewera amayendetsa anthu atatu: Michael, mbava yopuma pantchito, Franklin, mnyamata wofuna kutuluka mu umphawi, ndi Trevor, amene amakhala m'kalavani yauve m'chipululu cha Sandy Shores, akugulitsa mfuti ndi mankhwala ozunguza bongo. Nthawi yoyamba imene wosewera amakumana naye ku Sandy Shores, Trevor amapha munthu pomuponda ndi nsapato.

Chimene chimautsa mkangano n'chakuti mbali iliyonse ili ndi umboni wake. Amene amati ndi munthu wopanda chisoni amaloza anthu amene wawapha popanda kuphethira, ndi mmene amaopsezera anzake awiri, Ron ndi Wade. Amene amamuikira kumbuyo amakumbutsa kuti kwa zaka 9 ankalira maliro a Michael poganiza kuti anafa pa umbava wa mu 2004, mpaka anadzilemba dzina lake pathupi, pamene Michael anali moyo, atamupereka kwa apolisi. Amakumbutsanso kuti atamuzunza munthu wina polamulidwa ndi akazitape a boma, Trevor sanamuphe monga anauzidwira, koma anamutengera ku bwalo la ndege kuti athawe. Gemuyo imatiuzanso kuti anakulira m'banja la nkhanza ku Canada, ndi kuti ankafuna kukhala woyendetsa ndege za asilikali koma anamukana atamuyeza maganizo. Ndiye pali kachigawo kena kakumapeto: mayi ake amatulukira m'kalavani muja, amamutuma kukaba galimoto yodzaza mankhwala, koma pobwera amapeza mulibe munthu. Kodi mayiwo analipodi, kapena anali m'mutu mwake? Gemuyo siyankha.

Ena a ife taphunzirako psychology m'kalasi, ndipo tivomereze kuti chiyeso choweruza mkanganowu chinali chachikulu. Munthu ukangodziwa mayina awiri atatu a matenda, aliyense amene wakudutsa amaoneka wodwala. Koma tiyeni tione mmene dzina la matenda limapezekera kwenikweni.

Mawu akuti psychopath, amene anyamata aja amawakonda, si dzina la matenda loima palokha m'buku la DSM-5, limene bungwe la American Psychiatric Association linatulutsa mu 2013, chaka chomwecho chimene gemuyi inatuluka. Limene lilimo ndi antisocial personality disorder. Kuti dokotala alembe dzina limeneli, munthuyo ayenera kukhala wa zaka 18 kapena kuposa, asonyeze zizindikiro zosachepera zitatu mwa zisanu ndi ziwiri, ndipo pakhale umboni wakuti khalidwe lophwanya malamulo linayamba asanakwanitse zaka 15. Ponena za psychopathy, akatswiri ambiri amagwiritsa ntchito muyeso wa Robert Hare wa ku Canada. Uli ndi mfundo 20, iliyonse imapatsidwa 0, 1 kapena 2, ndipo malikisi onse amathera pa 40. Woyezayo amayenera kukhala wophunzitsidwa, acheze ndi munthuyo nthawi yaitali, kenako awerenge mafayilo ake a kusukulu, kupolisi kapena kundende kuti aone ngati zimene wauzidwa zili zoona. Bipolar nayo si kusintha nkhope kangapo pa tsiku monga ankaganizira mnzathu uja. Ndi nyengo za masiku kapena milungu, zimene munthu amakhala ndi mphamvu zosaneneka, osagona, kulankhula mosalekeza, ndipo nthawi zambiri zimasinthana ndi nyengo za kukhumudwa kwakukulu. Ndipo munthu akamamwa mankhwala ozunguza bongo tsiku ndi tsiku monga Trevor, dokotala wosamala amazengereza kulemba dzina lililonse mpaka atamuona mankhwalawo atachoka m'thupi.

Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chingachitike pa Trevor. Simungamufunse funso limene olemba gemu sanalilembere yankho. Alibe aphunzitsi a ku pulayimale oti akuuzeni mmene ankakhalira ali ndi zaka 12, alibe azakhali oti atsutse zimene iye akunena za mayi ake. Mawu ake ndi kayendedwe kake n'za Steven Ogg, katswiri wa zisudzo wa ku Canada, ndipo zochita zake zinasankhidwa ndi anthu ofuna kuti wosewera adzidzimuke, aseke, agulenso gemu ina. Akalira, n'chifukwa nkhani inafuna misozi pamenepo. Ukali wake weniweniwo ndi batani: mukakanikiza timitengo tiwiri ta padi nthawi imodzi, Trevor amalusa, amavulaza adani kwambiri, iye osavulala msanga. Palibe matenda padziko lapansi amene amagwira ntchito chonchi.

Pali chinanso chimene filimu ilibe koma gemu ili nacho. Gawo lalikulu la zochita za Trevor ndi la wogwira padi. Tinaona mnyamata wina pa Balaka akumuyendetsa mwaulemu, kuima pa maloboti, kulambalala oyenda pansi. Mnzake atalandira padi, Trevor yemweyo anagunda aliyense wa m'mbali mwa msewu. Tikati tiyeze, tiyeza uti?

Akatswiri eni ake anayesapo zamtunduwu. Mu 2014 madokotala awiri a ku Belgium, Samuel Leistedt ndi Paul Linkowski, anasindikiza zimene anapeza ataonera mafilimu 400 n'kusankhamo anthu 126 amene amaonetsedwa ngati ma psychopath. Ambiri mwa iwo sanafanane ndi anthu amene madokotala amakumana nawo pantchito. Mafilimu amakonda wolusa wa maso ofiira, wosekerera yekha, pamene munthu weniweni wa khalidweli akhoza kukhala waulemu, wa mawu okoma, woti mungamukhulupirire ndi ndalama za banki m'khonde.

Nanga kwa anthu enieni amene dokotala sanawaone? Mu 1964 magazini ya Fact ku America inafunsa madokotala a matenda a maganizo ngati Barry Goldwater, amene ankapikisana nawo pa upulezidenti, anali ndi mutu wabwino. Madokotala 1,189 anayankha kuti ngwosayenera, ena mpaka kutchula matenda, popanda ndi mmodzi yemwe amene anamuyezapo. Goldwater anasumira magaziniyo ndipo anawina mlandu. Mu 1973 bungwe la madokotalawo linaika lamulo loletsa mamembala ake kutchula poyera matenda a munthu wotchuka amene sanamuyeze, komanso popanda chilolezo chake. Ngati dokotala wa zaka zambiri pantchito amaletsedwa, wophunzira wa chaka chachiwiri amene wangowerenga chaputala chimodzi ali pati?

Tisanamize magemu onse. Hellblade: Senua's Sacrifice, ya mu 2017, inapangidwa ndi kampani ya Ninja Theory mothandizana ndi Pulofesa Paul Fletcher wa ku yunivesite ya Cambridge pamodzi ndi anthu amene anakhalapo ndi vuto lomva mawu amene ena sakuwamva. Wosewera akavala mahedifoni amamva mawuwo akunong'ona uku ndi uku, ndipo ambiri anati anamvetsa koyamba chimene abale awo odwala amadutsamo. Grand Theft Auto V inatenga njira ina: imaseka psychology yeniyeniyo. Dokotala wa Michael, Isiah Friedlander, amangoyang'ana wotchi n'kukweza mtengo, ndipo gemu ikatha amapereka lipoti la maganizo a wosewerayo, lolembedwa monyoza.

Zikanathera pa Trevor sitikanalemba. Koma nthabwala ya mwini kanyumba ija, "wa ku Zomba", siinapangidwire Trevor. Imanenedwa kwa mnyamata amene anabwerako ku Joni atasiya kulankhula, kwa mayi amene atabereka akungolira osafuna kuyamwitsa, kwa wophunzira mnzathu amene wadzitsekera m'hositelo sabata yathunthu. Manyazi a dzinali ali ndi mbiri yake. Malo oyamba osungirako odwala misala ku Nyasaland anatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende ya Zomba, ndipo chipatala chimene tikuchidziwa lero cha Zomba Mental chinabwera m'zaka za m'ma 1950. Kuyambira pachiyambi, kudwala mutu ndi kukhala chigawenga zinagonekedwa pa mphasa imodzi, ndipo m'maganizo a anthu ambiri sizinadzukebe. Mwana amene waphunzira pa sikirini kuti wodwala maganizo ndi munthu woponda anzake ndi nsapato amakhwimitsa mfundo yomweyo. Zoona zake n'zakuti odwala ambiri savulaza munthu, ndipo kawirikawiri iwo ndi amene amamenyedwa, kumangidwa ndi zingwe ndi kuberedwa.

Ifenso a mumpingo tili ndi liwu lathu lachangu: ziwanda. Kumudzi liwulo ndi ufiti kapena majini. M'kanyumba ka magemu ndi psychopath. Mawu atatuwa amachokera kosiyana koma amachita chimodzi: amatchula dzina munthu asanafunsidwe kalikonse. Yerekezani ndi zimene zimachitika munthu wobwebweta akafika naye pa chipatala cha boma cha Machinga pa Liwonde kapena cha Balaka. Namwino kapena kiliniko ofesala amayamba ndi thupi. Amayeza malungo, chifukwa malungo akafika mu ubongo amasokoneza mutu. Amaona shuga, amafunsa za khunyu, za kachirombo ka HIV, za mowa ndi chamba, ngati munthuyo anagwapo pa njinga ya kabaza n'kumenyetsa mutu. Amafunsa abale kuti zinayamba liti, akugona bwanji, kunyumba kwachitika chiyani. Ena mwa anthu amene pamsika anali atatchedwa kale amisala amachira m'masiku ochepa ndi mankhwala a malungo. Ndi okhawo ofunika chithandizo chapadera amene amatumizidwa ku Zomba. Kupempherera wodwala sikuletsa chilichonse mwa izi, koma kumusunga pakhomo milungu itatu chifukwa tagamula kale kuti ndi chiwanda kukhoza kumupha.

Mpaka pano tanena za zimene psychology singathe kuchita ili patali. Palinso zimene singathe ngakhale ili pafupi, ndipo tikuganiza kuti n'zimene anyamata aja ankakanganirana kwenikweni. Sankafuna dzina la matenda kuti amupezere Trevor mankhwala. Ankafuna kudziwa ngati n'kololedwa kumukonda. Akakhala wodwala, ndiye kuti si mlandu wake, tikhoza kuseka naye. Akakhala woipa chabe, ndiye chifukwa chiyani timamusankha nthawi zonse? Funso limeneli si la dokotala. Ngakhale ku khoti, lamulo silimasula munthu chifukwa chakuti ali ndi dzina la matenda. Limafunsa ngati pa nthawi ya mlanduwo matendawo anamulepheretsa kuzindikira chimene ankachita kapena kudziwa kuti n'cholakwa, mfundo imene malamulo athu anatengera ku mlandu wa M'Naghten wa ku England mu 1843. Dokotala amapereka umboni, koma wogamula ndi woweruza. Psychology ikhoza kufotokoza chifukwa chake mwana womenyedwa amakula ndi ukali. Siingakuuzeni ngati muyenera kumukhululukira mchimwene wanu amene anagulitsa mbuzi za amayi, ngakhale itakufotokozerani bwino lomwe mmene mowa unamugwirira.

Gemuyo imamusiyira wosewera funso lomweli. Kumapeto Franklin amapatsidwa njira zitatu: kupha Trevor, kupha Michael, kapena kuika moyo wake pachiswe kuti apulumutse onse awiri. Magetsi asanayake pa Liwonde paja tinamufunsa mnyamata woyamba uja, amene anati palibenso zokambirana, kuti iye anasankha iti.

Anakanda m'mutu. "Yachitatu, akulu," anatero. "Ndinayesa yoyambayo kamodzi, koma ndinazimitsa ndisanamalize."